Geji Ikanama, Woyendetsa Akhulupirire Chiyani?

Tachometer ndi geji yosonyeza kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi imodzi. Amakaniko amangoitcha geji ya marevu. Pankhope pake pamalembedwa manambala kuyambira 0 mpaka 6 kapena 8, ndipo nambala iliyonse imaimira 1,000: kamuvi kakaloza pa 3, ndiye kuti injini ikuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi. Chofunika kuchidziwa poyamba n'chakuti gejiyi siona injini. Imakhala kutali nayo, pamaso pa woyendetsa, ndipo zonse zimene imanena imachita kuzimva kudzera pa waya. Ndi mboni yongouzidwa.

Gejiyi ndi yofunika pa maboti. M'boma la Mchinji mulibe nyanja, ndipo mitsinje yake, monga Bua ndi Rusa, si ya maboti a injini zikuluzikulu. Koma geji yomweyi ili pamaso pa madalaivala a malole amene amandanda pachipata cha Mwami kudikira kulowa m'Zambia, ili pa mathirakitala a m'maesiteti a fodya, ilinso pa majenereta akuluakulu. Usipa wogulitsidwa pa Kamwendo ndi pa Mkanda nawonso umachokera kunyanja, kumene moyo wa anthu umapachikika pa injini. Boti ndilo limaonetsa bwino kulemera kwa nkhaniyi, chifukwa lole ikavuta dalaivala amaikhotetsera m'mbali mwa msewu n'kutsika, pamene pakati pa Nkhotakota ndi Likoma palibe potsikira.

Kuti igwire ntchito, geji ya marevu imafuna moto wochokera ku batire, earth yabwino, ndi uthenga wochokera ku injini. Pa injini za petulo zomangirira kumbuyo kwa boti, uthengawo kawirikawiri umachokera ku stator, makoyilo okhala pansi pa flywheel. Flywheel ili ndi maginito, ndipo ikamazungulira maginitowo amadutsa pa makoyilo n'kutulutsa magetsi ogundagunda. Geji imawerenga kugundako, n'kugawa ndi nambala imene inauzidwa, n'kukankha kamuvi. Pa injini za dizilo, zimene zilibe mapulagi, uthenga umatengedwa pa alternator, pamalo olembedwa W, kapena pa kachipangizo ka maginito kowerenga mano a flywheel. Nambala ya pagejiyi ili ndi ntchito. Opanga injini amalemba marevu amene injini iyenera kufika woyendetsa akatsegula mafuta onse, ndipo pa injini zambiri za maboti ndi pakati pa 4,500 ndi 5,500. Ikalephera kufika pamenepo, boti lalemedwa kapena propeller yakulitsa. Ikapitirira, propeller yachepa kapena ikuterereka. Woyendetsa thirakitala naye amayang'ana geji kuti shafiti ya kumbuyo izizungulira pa 540, ndipo jenereta yaikulu ya dizilo imasungidwa pa 1,500 kuti magetsi atuluke pa 50 hertz, mlingo wa magetsi a m'Malawi ndi m'Zambia.

Geji ikavuta, kamuvi kakhoza kugoneratu pa 0 injini ikulira, kapena kumalumphalumpha, kapena kukhazikika bwinobwino pa nambala yabodza. Makaniko wodziwa ntchito sathamangira kugula geji ina. Amatembenuza kiyi n'kuyeza ndi multimeter ngati kumbuyo kwa geji kukufika mavoti 12. Ngati sakufika, amayang'ana fyuzi ndi waya wochokera ku switch. Kenako amayeza earth, pakuti pa boti mawaya amakhala m'chinyontho, ndipo polumikizira pamachita dzimbiri lobiriwira limene limaoneka laling'ono koma n'kutsekereza moto. Akatero amaliza injini, amaika mita pa AC n'kukhudza waya wa uthenga: mavoti ayenera kuonekapo, ndipo pa injini zambiri amakwera akareva. Akasowa, vuto lili ku injini, pa stator kapena pa rectifier kapena pa alternator. Akapezeka, makaniko amatembenuza geji n'kuyang'ana kaswitchi kakumbuyo kosankhira nambala ya kugunda. Geji yeniyeniyo imaweruzidwa pomalizira, zonsezi zitapezeka zili bwino.

Dongosolo limeneli lili ndi funso la nzeru zakuya m'kati mwake, funso limene achinyamata okonzekera unsembe amalimbana nalo ku seminale ya Kachebere, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1939 pafupi ndi malire a Zambia: munthu amadziwa bwanji kuti chimene chikumuuza zoona chikunenadi zoona? Pakati pa chinthu ndi munthu wofuna kuchidziwa pamakhala njira, ndipo panjira pamatha kuonongeka kanthu. Katswiri wachisilamu al-Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, anaona kuti diso limati chithunzithunzi chaima, koma patapita ola munthu amapeza kuti chinali kusuntha. Limatinso nyenyezi ndi kanthu kakang'ono, pamene masamu amasonyeza kuti ndi yaikulu kuposa dziko. Nzeru ndi imene imadzudzula diso. Koma iye anapitiriza kufunsa kuti nanga nzeruyo ilibe woidzudzula? Funsoli linamudwalitsa mtima kwa kanthawi, ndipo anachira atavomereza kuti munthu sangadzitsimikizire zonse yekha popanda kuwala kochokera kwa Mulungu.

Pa nkhani ya chabwino ndi choipa, mboni yokhala pamaso pa munthu ndi chikumbumtima. Mipingo ndi mizikiti yonse imachilemekeza, ndipo akuluakulu a kumudzi amati munthu wopanda manyazi ndi wopanda mtima womutsutsa watha umunthu. Komabe chikumbumtima si Mulungu, ndiponso si choonadi chenichenicho. Chimauza munthu zimene chalandira kuchokera ku maleredwe, ku chiphunzitso, ku zimene waona ndi kumva. Chimatha kuvuta m'njira zomwe zija.

Chikumbumtima chogona n'chosavuta kuchizindikira, makamaka kwa ena. Wogula mtedza ndi soya pa sikelo yobera, amene chaka choyamba ankasowa tulo koma lero amaseka ndi mlimi akumubera makilogalamu awiri pa thumba, ndiye chitsanzo chake. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteyo imakamba za chikumbumtima chopsa ngati chootchedwa ndi chitsulo. Cholumphalumpha ndi cha munthu amene amadziimba mlandu pa chilichonse, wobwerera ku kulapa pa tchimo limene analapa kale, woopa chakudya, tsiku ndi maloto. Paulo, polembera Akorinto za nyama yoperekedwa ku mafano, anachitcha chofooka, ndipo analamula olimba kuti achisamale m'malo mochiseka. Awiriwa amafuna chithandizo, koma matenda awo amaonekera poyera.

Choopsa kwambiri ndi chachitatu. Stator ina imagunda ka 6 injini ikazungulira kamodzi. Geji ikasiyidwa pa 4, imagawa ndi nambala yolakwika, ndipo injini ikakhala pa 3,000 kamuvi kamaloza 4,500. Sikanjenjemera. Woyendetsa akareva kamakwera, akachepetsa mafuta kamatsika, ndipo chilichonse chimaoneka cholongosoka. Mwini boti akaona marevu akupitirira malire amakagula propeller yolemera, injini n'kuyamba kukoka movutika, kutentha ndi kudya mafuta, mpaka kufa isanakwane nthawi yake. Iye sanachite mwaulesi. Anamvera geji mokhulupirika. Pa dizilo yotengera uthenga ku alternator, bodza lotere limabwera munthu akangosintha alternator kapena pulley n'kuika ya kukula kwina, popanda kukonzanso geji.

Munthu wa chikumbumtima chotere ndi wodekha ndi wotsimikiza. Amadana ndi choipa, amakonda chabwino, koma wina anamusokonezera mlingo. Paulo yemweyo anavomera pamaso pa mfumu Agripa kuti pamene ankamanga ndi kuzunza otsatira Yesu ankaganiza kuti akuchita choyenera. N'chifukwa chake anauza Akorinto kuti kusadzipeza ndi mlandu mumtima sikumamuyesa wolungama, popeza woweruza ndi Ambuye. M'Malawi chitsanzo chake sichisowa. M'chaka cha 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi madera ena a kummwera, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Ambiri mwa amene ananyamula miyala ndi zibonga sanali zigawenga. Anali makolo oopera ana awo, ochezera usiku kulondera mudzi, ndipo mumtima mwawo ankaona kuti akuteteza moyo. Zomwezo zimachitika mwana akamwalira mwadzidzidzi, abale n'kuloza chala gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Mtima wa olozawo umakhala ukuwauza mosakayika kuti chilungamo chichitike. Chisoni chawo n'choona, chikondi chawo pa mwanayo n'choona. Chonama ndi chimene anaphunzitsidwa kuti imfa yadzidzidzi ili ndi mwini wake.

Apa pali mfundo yovuta kumasula, imene Thomas Aquinas, amene anamwalira m'chaka cha 1274, anaisinkhasinkha m'buku lake la Summa Theologiae. Iye anafunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi chikumbumtima cholakwa chimamanga munthu? Anayankha kuti inde, pakuti wochita chimene mtima wake ukuti n'choipa wasankha choipa monga akuchidziwira, ngakhale chinthucho chitakhala chabwino. Lachiwiri: kodi womvera chikumbumtima cholakwa alibe mlandu? Apa anayankha kuti zimatengera gwero la kulakwako. Ngati munthu sakanatha kudziwa ngakhale atayesetsa, alibe mlandu. Koma ngati kusadziwako kunabwera chifukwa chosasamala, kapena chifukwa sanafune kudziwa chimene anayenera kudziwa, mlandu ulipo. Zikuoneka ngati munthuyo watsekeredwa uku ndi uku: akakana chikumbumtima walakwa, akachimvera walakwanso. Khomo lotulukira lilipo limodzi, ndilo kukonza chikumbumtimacho. Chiphunzitso cha Akatolika mpaka lero chimati munthu ayenera kumvera chikumbumtima chake, ndiponso ali ndi udindo wochiphunzitsa moyo wake wonse.

Mfundo iyi ndi yolondola, ndipo imatsutsa anthu a mitundu iwiri. Ena, atanamizidwa kamodzi, amati zonse n'zongopeka, palibe chabwino palibe choipa, aliyense achite chomukomera. Ameneyo ndi woyendetsa amene wazula geji n'kuiponya m'nyanja; injini ikupitirizabe kuzungulira pa liwiro lake lenileni, ndipo ikapitirira malire idzasweka, geji ilipo kapena palibe. Kunama kwa mboni sikufafaniza chimene chinachitika. Ena amati mtima wanga sunditsutsa, ndiye ndili bwino, ndipo sayerekeza n'komwe kufunsa amene anauika mlingo mtimawo.

Nanga geji yokhazikika pa bodza imagwidwa bwanji? Siingadzigwire yokha. Makaniko amabweretsa muyezo wina wosadutsa pa waya womwewo. Amamata kapepala konyezimira pa flywheel kapena pa pulley ya crankshaft, amaliza injini, n'kuloza pamenepo ka tachometer ka m'manja kowerenga ndi kuwala. Kakanena 3,000 pamene geji ikunena 4,500, mlandu watha. Mawu oti wosadutsa pa waya womwewo ndi ofunika kuwagwira. Mageji awiri olumikizidwa ku waya umodzi, oikidwa pa nambala imodzi yolakwika, amagwirizana ndendende, ndipo kugwirizana kwawo sikutsimikiza kanthu. Gulu la anthu 200 amene amva mphekesera imodzi pa WhatsApp kapena pa chigayo si mboni 200. Ndi mboni imodzi yobwerezedwa. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga umanena za mitu yosiyana, yoima m'mbali zosiyana za nyumba.

Zipembedzo zimasiyana pa muyezo umene zimauika patsogolo. Martin Luther, ataimikidwa pabwalo ku Worms m'chaka cha 1521, anakana kubweza zimene analemba, koma sanatsamire pa mtima wake wokha. Ananena kuti chikumbumtima chake n'chomangidwa ndi Malemba, ndipo anapempha kuti amutsutse ndi Malemba kapena ndi mfundo zomveka. Mipingo yochokera ku kukonzanso mpingo kwa nthawi imeneyo, monga CCAP, imaika Baibulo pamwamba. Akatolika amawerenga Baibulo pamodzi ndi mwambo wa Mpingo ndi chiphunzitso cha maepiskopi. Asilamu amayeza ndi Qur'an ndi chitsanzo cha Mneneri Muhammad, ndipo amafunsa mashehe. Mwambo wa Achewa ndi Angoni a ku Mchinji uli ndi njira yakenso: mlandu sugamulidwa ndi wodandaula, umapita kwa ankhoswe kapena kubwalo la mfumu, kumene mbali zonse ziwiri zimalankhula ndipo nduna zimafunsa mafunso. Njira zonsezi zimavomerezana pa chinthu chimodzi, kuti munthu asakhale woweruza yekha wa kutsimikiza kwake.

Wina angafunse kuti nanga muyezo wachiwiriwo amauyeza ndani, popeza mlaliki, shehe ndi mfumu nawonso amalakwa. Funsoli n'loyenera, ndipo silitha ndi yankho limodzi. Ka tachometer ka m'manja nakonso kamatha kufa. Koma makaniko sakhala pansi n'kulira kuti palibe chodziwika. Amayerekeza miyezo yochokera kosiyanasiyana: kulira kwa injini m'khutu la amene waiyendetsa zaka zambiri, liwiro la boti, mafuta amene akutha, utsi, kutentha. Palibe umodzi mwa miyezoyi wosalakwa, koma n'kovuta kuti yonse ilakwe mbali imodzi nthawi imodzi. Pa makhalidwe, muyezo umene umaiwalika kawirikawiri ndi munthu amene chigamulocho chimugwere. Yesu anaphunzitsa kuti aneneri amazindikirika ndi zipatso zawo, ndipo chipatso cha chiphunzitso chimaoneka pa thupi la wofooka. Chikhulupiriro chimene mapeto ake ndi nkhalamba yogona kutchire nyumba yake itatenthedwa chadzitsutsa chokha, ngakhale ochitawo atakhala ndi mtendere wotani mumtima.

Pali mbali inanso imene dongosolo la makaniko limateteza, ndipo ndi chifukwa chake geji imaweruzidwa pomalizira. Nthawi zambiri geji yoimbidwa mlandu imakhala ilibe vuto. Pa injini zambiri zomangirira kumbuyo kwa boti, rectifier ikapsa kamuvi kamagwa kapena kupenga, ndipo chimene kakunena n'chakuti batire lasiya kulandira moto. Woyendetsa akanyalanyaza, injini ikazima pakati pa nyanja kiyi sadzailizanso. Pa dizilo, lamba wa alternator akamaterereka geji imawerenga mochepa, akaduka imagwera pa 0, ndipo pa injini zambiri lamba yemweyo ndi amene amazunguza pampu ya madzi oziziritsa. Dalaivala wa lole amene angamenye geji ndi chala n'kupitiriza ulendo wa ku Chipata adzaima injini itawira. Kamuviko kananena zoona, koma za vuto limene iye sankaliyembekezera.

Chikumbumtima chosagwirizana ndi gulu chimachitidwa chimodzimodzi: anthu amathamangira kunena kuti ndicho chaonongeka. A Mboni za Yehova analetsedwa m'Malawi m'chaka cha 1967, makamaka chifukwa chokana kugula makadi a chipani. M'chaka cha 1972 nkhanza zitakula, nyumba zikutenthedwa ndi anthu akumenyedwa, zikwi zambiri anathawira ku Zambia n'kukasonkhanitsidwa ku Sinda Misale, m'chigawo cha Kummawa choyandikana ndi Mchinji. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu akhoza kutsutsana ndi chiphunzitso chawo pa zinthu zambiri, koma kukana kwawo kunkaloza vuto lenileni: dziko limene munthu sangalowe mumsika kapena kukwera basi popanda khadi linali litadwala. Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi, yonena za umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linaitcha youkira ndipo maepiskopiwo anaopsezedwa. Chaka chotsatira Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Choncho wosiyana ndi anzake asaweruzidwe msanga kuti mutu wake sukuyenda. Ayambe afunsidwa chimene waona, ndipo chimenecho chikafufuzidwe kugwero.

Fanizo la geji lili ndi pothera. Geji ikapezeka kuti yafadi, imachotsedwa n'kuikapo ina yogula m'sitolo, ndipo geji siidziwa kuti ikunama, siichita manyazi, siikana kuyezedwa. Munthu alibe chikumbumtima china chosinthira, ndipo iye yemweyo ndiye geji, woyendetsa ndi makaniko. Amatha kuzemba muyezo wachiwiri chifukwa akudziwiratu chimene ukanene. Pamenepa ndi pamene kusadziwa kumasanduka mlandu. Wogula soya amene sapititsa sikelo yake kukayezedwa, ndi mbale wa malemu amene akukana kumva zimene achipatala apeza, onsewa asankha kusadziwa.

Chatsala ndi chochita cha munthu amene wayamba kukayikira ali pakati pa ulendo, muyezo wachiwiri usanapezeke. Woyendetsa boti wanzeru satsegula mafuta onse pa geji yokayikitsa. Amachepetsa liwiro, amatchera khutu ku injini, amasuzumira ngati madzi oziziritsa akutuluka pa kabowo kake, ndipo amalunjika kumtunda. Akatswiri a zamakhalidwe achikhristu anaphunzitsa zofanana, kuti munthu asachite chinthu ali ndi chikayiko choti mwina n'choipa, koma ayambe wathetsa chikayikocho. Lamulo limeneli limalemera kwambiri pa zinthu zosabwezeka. Ndalama yobedwa pa sikelo ikhoza kubwezedwa, mawu oipa akhoza kupepesedwa, koma munthu wophedwa sadzuka ndipo dzina la ufiti silifufutika pa banja. Pa zoterezi kutsimikiza kwa mtima, kaya kwa munthu mmodzi kaya kwa mudzi wonse, si chifukwa chokwanira chochitira kanthu. Malamulo a dziko nawonso safunsa ngati wolozayo anali wotsimikiza: pansi pa lamulo la zaufiti la 1911, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'Malawi.